Lizani Hutala Kawiri pa Lukhuwa

Lachiwiri lapitali ndinagonja, abale anga. Ine mphunzitsi wopuma, amene ndinkatontholetsa kalasi yonse ndi diso lokha, ndinasowa chonena pamaso pa mayi wokalamba amene anali pamphasa akusenda chinangwa. Sanakweze mawu n'komwe. Ngakhale mpeni sanauike pansi.

Ndiyambe poyambira.

Inu amene mumayenda msewu wa m'mbali mwa nyanja pakati pa Chintheche ndi Kande mwauona mlatho watsopano wa pa mtsinje wa Lukhuwa. Ndi wamtali ndithu, ndipo galimoto ziwiri zimapatukirana pamenepo popanda ina kuima. Kamlatho kakale kaja, kotsika, kamene madzi ankakakwera pamsana mvula ikagwa kumapiri, anakagumula.

Tsopano mlathowu ukufunika dzina. A komiti ya chitukuko ya kwathu kuno anauzidwa kuti apereke dzinalo ku khonsolo pofika Lachisanu. Maina anali awiri. Loyamba linali la bwana wina wamkulu wa ku likulu, munthu wabwino mwina, koma mtsinjewu amaudziwira pawindo la galimoto. Lachiwiri linali la malemu a Yotamu Chikhasu. Wapampando wa komitiyo, a Mphande, amene amagulitsa maukonde pa Chintheche, analimbikira dzina lachiwirili mpaka mawu anasasa, ndipo anapambana. Chinatsala n'chimodzi: akubanja avomere. Akakana, lipita ndi dzina la bwana lija.

"Akane chifukwa chiyani?" anatero a Mphande. "Ulemu amakana?"

Inenso ndinaseka nawo.

Achinyamata mwina simuwadziwa a Chikhasu. Ngakhale akuluakulu ambiri dzinali salidziwa, amangodziwa kuti ada Geji, poti pa Chitonga bambo amati ada. Kwawo kunali ku Ntcheu, ndipo a boma oona za madzi anawatumiza kuno kudzawerenga geji, thabwa loyera lija la manambala ngati rula ya kusukulu, limene amaliimika mumtsinje. Ntchito yawo inali yomweyo basi. M'mawa atsikire kumtsinje, aone pamene madzi afika, alembe m'buku. Madzulo chimodzimodzi. Mwezi ukatha atumize mapepala ku ofesi. Mwa antchito a boma onse amene ndawadziwa, sindikhulupirira kuti analipo wotsika kuposa iwo. Yunifolomu analibe, njinga ya boma analibe. Anali ndi chipewa cha mlaza ndi pensulo kukhutu.

Zoimitsa galimoto sanawatume munthu. Koma nyumba yawo inali pafupi ndi kamlatho kaja, ndipo mtsinjewo ankaudziwa mtima wake. Nyengo ya mvula madzi ankadutsa pamwamba pa kamlathoko, ofiira, osaonetsa kuti simenti yathera pati. Dalaivala akafika pamtsetse ankaliza hutala kawiri, kufunsa. Ada Geji akakweza dzanja, ndiye kuti woloka. Akavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa, ndiye kuti zimitsa injini, udikire. Lamulo limeneli silinalembedwe paliponse, koma kuyambira woyendetsa matola mpaka wa basi yaikulu ankalimvera.

Musaganize kuti ankakondedwa tsiku lililonse. Chipewa chikatsika, amayi a geni ya nsomba ankawatukwana poyera, poti usipa wauwisi sudikira mtsinje. Iwo maso anali pa geji basi. Ndipo sankaimitsa anthu mwachisawawa. Madzi akatsika kufika pamzere umene ankaudziwa okha, chipewa chinkabwerera kumutu, dzanja m'mwamba, ndipo omwe aja otukwana ankadutsa akuwaponyera kamulu ka nsomba.

Inenso ndinakanganapo nawo, ndiulule. Linali tsiku la chinkhoswe changa ku Mpamba. Ndinali nditavala suti ya mnzanga, manja ake aafupi, nsapato zopukuta mpaka kuonerapo nkhope. Tinafika pa Lukhuwa dzuwa likuswa mtengo, madzi pakamlatho akungofika mu akakolo. Dalaivala wa matola analiza kawiri. Chipewa chinatsika.

Ndinadumpha m'galimoto nditalusa. "Kodi inu ndinu apolisi? Timadzi iti timeneti? Mwana wa sitandade wani akhoza kuwoloka apa!"

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi. "Aphunzitsi, madzi mukuwaonawa ndi a dzulo. A lero akadali m'njira. Taonani kuphiriko."

Kuphiriko kunali bii. Sipanathe theka la ola tinamva mkokomo, ndipo mtengo wathunthu, ndi mizu yomwe, unadutsa pamwamba pa kamlatho kaja. Tonse tinangoti kukamwa yasa. Ada Geji analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chinangwa chootcha, ndipo woyamba kumupatsa anali ine, wachipongwe uja. Ku Mpamba ndinafika ankhoswe atayamba kupinda mphasa. Mayi a kunyumba mpaka lero amati ndinachedwa dala, ndinkafuna kuthawa. Ndimawayankha kuti ndikanafulumira tsiku lija, bwenzi atakwatiwa ndi wina.

Ndiye a Mphande atandipempha kuti ndilembe mawu oika pachikwangwani, "poti inu mumalemba m'nyuzipepala," ndinalandira ndi manja awiri. Ndinatha masiku atatu ndikusema mawu. "Mlatho wa Yotamu Chikhasu, mtumiki wa boma wokhulupirika, mlonda wa apaulendo." Ndinawawerengera mayi a kunyumba kawiri. Anati mawu ndi abwino, koma owerengawo achepetse matama.

Lachiwiri tinanyamula shuga ndi sopo, ine ndi a Mphande, ulendo kwa mkazi wa malemuwo, ama Nyalongwe, Mtonga wa konkuno. Nyumba ikadali pomwe paja, koma tsopano ili m'munsi mwa chimulu cha dothi chimene anakwezera msewu. Galimoto zimadutsa cha kumtunda kwa denga lawo.

"Mwe uli, ada?" anandilonjera.

"Nde umampha, ama," ndinayankha, ndipo Chitonga changa chinathera pomwepo, poti inenso kuno ndine wobwera. Anaseka n'kutembenukira ku Chichewa. Amachilankhula bwino, poti amuna awo aja Chitonga chinawakanika mpaka imfa.

A Mphande anafotokoza zonse mwaulemu, za komiti, za khonsolo, za Lachisanu. Kenaka ine ndinaimirira n'kuwerenga pepala langa ndi mawu aja a pa asembule. Mayiwo anamvetsera, mpeni ukuyenda pachinangwa.

"Mawu abwino," anatero. "Yewu ukongwa, zikomo kwambiri. Koma ayi."

A Mphande anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana pepala.

"Aphunzitsi, bambo aja ndakhala nawo mpaka imvi, dzina lawo sindinalitchulepo ndi pakamwa panga. Ndinkati awisi Gilesi, poti mwana wathu woyamba ndi Gilesi. Tsono inu mukufuna kondakitala wa minibasi, mutu uli pawindo, thalauza atakhwefula, azikuwa kuti 'Chikhasu! Chikhasu! Wotsika pa Chikhasu!' ngati akuitana mnzake wa kubawo? Ine ndili pano ndikumva?"

Ndinafuna kunena kuti dzina likamatchulidwa ndiye kuti lili moyo. Pakamwa ndinali nditatsegula kale.

"Chachiwiri," anapitiriza, akuloza kumtunda ndi mpeni uja, "mwaona mmene zikuthamangira pamwambapo? Kale zinkaima, zinkafunsa. Lero zikungouluka. Tsiku lina ina idzagubuduka, Chiuta atithandize. Wailesi idzati chiyani? Idzati anthu afera pa Chikhasu. Bambo aja zaka zonse zimene anaima pamtsinje uwu, madzi sanatengepo munthu ndi mmodzi yemwe. Inu mukufuna ayambe kupha anthu ali m'manda?"

Apa mpamene ndinagonjera. Pepala lija ndinalipinda pang'onopang'ono n'kuliika m'thumba.

A Mphande anayesa komaliza. "Ama, mukakana, dzina lipita kwa munthu wa ku likulu amene sanapondepo madzi a Lukhuwa."

"Mpatseni, ada. Iye ali moyo, adzadziyankhira yekha."

Ndakhala ndikuziganizira zimenezi sabata yonse. Ife Amalawi timakonda kupachika maina. Msewu, holo, bwalo la mpira, ngakhale mjigo. Timaitana ovina malipenga, timaphimba chikwangwani ndi nsalu, bwana amakoka kachingwe, timaomba m'manja, timadya mpunga. Mawa lake dzina lija timalisiya padzuwa. Mbuzi zimadzikanda pamenepo, a zipani amamatapo nkhope zawo, sing'anga wobweza mwamuna wothawa amamataponso nambala yake ya foni. Ndani amabwerako kudzapukuta?

Nanga ndani amafunsa eni dzina? Anthu anakhala m'kalasi ya sukulu tsiku lathunthu kukangana za dzina la mwamuna wa munthu, mwini wake ali poti ukhoza kufikapo pa njinga tiyi asanazizire, koma osamufunsa. Ine ndinawonjezerapo masiku anga atatu. Paja safunsa anadya phula. Tinkaona ngati tikukawapatsa mphatso, sitinaganize kuti tikukawalanda kanthu.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti kutcha mlatho dzina la munthu n'koipa. Zoti komiti ya kumudzi inasankha wowerenga geji m'malo mwa bwana zinandikoma mumtima, ndipo a Mphande ndimawavulira chipewa. M'dziko muno a Geji alimo ambiri. Mlangizi wa zaumoyo amene amawoloka dambo bokosi la katemera lili pamutu. Mesenjala wa pa ofesi amene amadziwa pamene fayilo iliyonse inagona, mabwana asanu atasinthana pampando. Mzamba wa pa kachipatala amene theka la mudzi linabadwira m'manja mwake. Akapuma timawapatsa wotchi ya pakhoma. Akamwalira timati anali munthu wabwino, n'kumwazikana. Kuwakumbukira n'koyenera, ndipo tachedwa kale.

Funso langa ndi ili: kodi chikwangwani ndiye kukumbukira?

Tamverani masiteji a minibasi a msewu uno. Pa Chigayo, chigayocho chinatsekedwa kalekale. Pa Mango, mtengowo anadula. Palibe bwana anakoka kachingwe pamenepo, koma mainawo akukana kufa, chifukwa anthu anali ndi chochita nawo malowo. Pamene m'tauni muli misewu ya maina olembedwa bwino pachitsulo, koma muuzeni wa kabaza akupititseni kumeneko, adzakufunsani kuti ndi pafupi ndi chiyani.

Nditafika kunyumba ndinawafunsa mayi a kunyumba. Ndinati kodi ine ndikadzatsogola, a sukulu n'kudzabwera kuti akufuna kutcha buloko dzina langa, mudzavomera? Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Buloko? Inuyo adzakupatsani chimbudzi cha anyamata, poti mpomwe munkakonda kubisalira ochedwa." Kenaka anasiya kuseka. "Adzabwere adzandifunse kaye. Ndidzawauza nthawi yomweyo." Ndiye kuti nawonso ali nalo yankho lawo, ndipo ine amene ndagona nawo nyumba imodzi zaka zonsezi sindikulidziwa.

Koma nkhani ya Lachiwiri sinathere pa "ayi".

Tikutsanzika, pamwamba pa mlatho panadutsa lole yakale yonyamula matumba a mpunga wa ku Limphasa. Inaliza hutala kawiri. Dzanja la ama Nyalongwe linakwera lokha, ndi mpeni womwe, nkhope osadzutsa n'komwe. Kenaka linabwerera pachinangwa.

"Ameneyo ndi wakale," anatero. "Atsala ochepa."

Ndinakhalanso pansi, ndipo anatifotokozera. Hutala ija, imene inayamba ngati funso la nyengo ya mvula, inasanduka moni. Ngakhale m'chilimwe mtsinje uli mchenga wokhawokha, madalaivala ankaliza, ada Geji n'kukweza dzanja ali pakhonde. Atapuma pantchito sizinasinthe. Atamwalira, madalaivala sanasiyebe.

"Titangoika maliro, m'mawa mwake ndinamva pii, pii. Ndinalira. Ndinati kodi anthuwa sanamve? Tsiku linalo, pii, pii. Ndiye ndinati asamapite osayankhidwa, ndinayamba kukweza ine."

Madalaivala atsopano ankangotengera kwa akale. Ena ankati amaliza chifukwa kamlatho n'kopapatiza, ena ankati pali mizimu. Mayiwo analibe nazo ntchito zifukwazo.

"Tsiku lonse ndinali ndi anthu ondipatsa moni, ada. Chitsegulireni mlatho uwu, ndimatha kuswera pano osamva ndi kamodzi komwe. Mpamene ndadziwira kuti bambo aja anapitadi."

Abale, ndinachita manyazi. Ndinabwera ndi pepala langa kudzapereka chikumbutso, osadziwa kuti chikumbutso chinalipo kale, chikulira tsiku ndi tsiku, ndipo chinagumulidwa pamodzi ndi kamlatho kaja ife tikuomba m'manja.

Ndiye ndinafunsa funso limene tinayenera kuyamba nalo. "Ama, inuyo mukufuna chiyani?"

Anayang'ana kumtsinje.

"Pamwambapo pakhale Lukhuwa. Mtsinje uli nalo kale dzina, zoipa zikachitika udzasenza wokha. La awisi Gilesi mukalembe pansi, pachipilala, pamene aika geji yatsopano. Liyang'ane kumadzi. Iwo sankayang'ana msewu, ankayang'ana madzi. Adzaliwerenga ndi amayi ochapa ndi amene akuwerenga geji masiku ano, ndipo amenewo sakuwa." Analoza kumtunda. "Chitsulo chikatsala, mulembe kumsewuko kuti aziliza. Munthu woliza hutala ndiye kuti ali maso."

A Mphande anausa moyo. Anati a khonsolo anapempha dzina limodzi, osati ndime yathunthu. Koma ndi munthu wa makani abwino. Lachitatu anaitananso komiti, ndipo anagwirizana kulemba zonse monga momwe mayiwo ananenera. Lachisanu anakaitula kalatayo ku boma. Pamene ndikulemba pano yankho silinabwere. Mwina avomera. Mwina anena kuti akubanja akana, lipite dzina la bwana. Ama Nyalongwe akudziwa zimenezo, ndipo sakutekeseka.

Chimene ndikudziwa ine n'chakuti hutala sifuna chilolezo cha khonsolo.

Lachinayi ndinabwererako kuti ndikawawerengere kalatayo isanapite. Ndinakwera minibasi pa Chintheche n'kukhala kutsogolo. Dalaivala anali wa msinkhu wa ana anga, wailesi ili pamwamba, phazi lili pamoto. Tikuyandikira ndinati, "Adalaivala, pamlathopo mulize kawiri."

"Chifukwa chani, madala? Msewutu uli pululu."

Ndinamuuza mwachidule za geji, za chipewa, ndi za mayi amene ali m'munsimo.

"Aaa, ndi zimenezo kodi? Amene anandiphunzitsa galimoto ankaliza pamenepa, ine n'kumayesa ndi zamankhwala." Anatsitsa wailesi, liwiro nalo linatsika. "Ndiye agogowo amamva?"

"Lizani muone."

Pii, pii.

M'munsimo, pambali pa thandala loyanikapo chinangwa, dzanja linakwera. Dalaivala uja anatulutsa lake pawindo n'kulikweza, ngakhale sindikhulupirira kuti mayiwo anamuona. Anandiimira kutsidya, ndipo pochoka ndinamva akuuza kondakitala wake kuti pobwerera amukumbutse.

Ada Geji ndinawanyoza tsiku la chinkhoswe changa, ndinadya chinangwa chawo, ndipo zikomo sindinawauzepo. Ndinkati ndidzanena, n'kumangodutsa m'galimoto za eni ake, wina akundilizira hutala. Amenewo ndinachedwa nawo, ndipo zimandiwawa. Koma ama Nyalongwe makutu akadali akuthwa, ndipo amaswera pakhomo pomwe paja.

Inu a minibasi, a malole, a ambulansi, ngakhale inu abwana a magalasi akuda, kaya dzina lanu ndi limene lidzapachikidwe pamenepo: mukafika pa Lukhuwa, kodi kawiri kokha n'kovuta?